PHUNZIRO LA 6: MUNTHU WAPAULENDO NDI ULEMU WAKE PA ZIPATA ZA DZIKO

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziro ili, mkhristu aliyense akhale atadziwa zinthu zitatu izi:

1. Mphamvu zimene ogwira ntchito pa zipata za dziko ali nazo, ndi pamene mphamvuzo zimalekezera.
2. Ufulu ndi udindo wa munthu wapaulendo.
3. Mmene ife tiyenera kukhalira ndi alendo amene afika pakati pathu.

Malembo oti awerengedwe poyamba: Levitiko 19:33-34, Luka 3:10-14, Ntchito za Atumwi 22:22-29.

Mau oyamba

Madisi ili pa msewu waukulu wa M1, ndipo msewu umenewu watenga ana athu ambiri. Ndi miphakati yochepa kuno kwathu, kaya kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, imene ilibe munthu amene ali ku Joni kapena anakhalako. Agogo athu ankapita kumigodi pa Wenela ndi pa Thiba. Lero achinyamata amakwera basi ku Lilongwe, kutulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka kukaoloka Limpopo pa Beitbridge. Amayi ena amapita ku Chipata kudzera pa Mchinji, ena ku Tanzania kudzera pa Songwe, kukaoda zitenje ndi katundu wina wodzagulitsa pamsika.

Anthu amenewa akabwerako amasimba zambiri. Ena amayamika kuti anathandizidwa bwino. Koma ambiri amadandaula za kutukwanidwa, kudikiritsidwa dala, kulandidwa katundu ndi kuumirizidwa kupereka ndalama. Chomvetsa chisoni nchakuti ambiri mwa iwo amaona ngati umo ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira. Amangoti, "Ndi pa boda paja, mungatani?" Phunziro ili likufuna kutikumbutsa kuti wogwira ntchito pa chipata anapatsidwa mphamvu yofufuza ndi kufunsa, koma palibe lamulo limene linampatsa mphamvu yonyoza munthu.

1. Malire anachokera kuti?

Makolo athu sankadziwa pasipoti. Achewa anali anthu amodzi kuchokera kuno ku Dowa, Kasungu ndi Mchinji mpaka ku Katete ndi ku Tete. Malire amene tikuwaona lerowa anawalemba ndi atsamunda. Maiko a ku Ulaya anakumana ku Berlin mu 1884 ndi 1885 kukambirana za kagawidwe ka Africa, ndipo mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire pakati pa dziko lino ndi Mozambique. Mzerewo unadutsa pakati pa midzi, minda ndi mabanja. Nchifukwa chake mpaka lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, ndipo pa mwambo wa Kulamba m'mwezi wa Ogasiti Achewa a maiko atatu amasonkhana kumeneko.

Izi sizikutanthauza kuti malire ndi opanda ntchito. Dziko lililonse lili ndi ufulu wodziwa amene akulowa ndi amene akutuluka, kutolera msonkho, ndi kuletsa zida, mankhwala ozunguza bongo ndi matenda a ziweto ndi mbeu kuti asalowe. Koma tizikumbukira kuti munthu amene waima tsidya lina la mzerewo nthawi zambiri ndi mbale wathu, wolankhula chinenero chathu.

2. Kumene tachokera

Ife amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira kuti ulendo unali chinthu choopsa. Munthu sankakwera basi kapena kulowa mumsika popanda kuonetsa khadi la chipani kwa ayufi. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali, ngakhale alendo ochokera kunja, ankametedwa pofika pa chipata kapena pa bwalo la ndege. Mabuku ndi nyuzi za m'chikwama zinkasanthulidwa, zina nkulandidwa.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Maepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi onse, kudzudzula kupanda chilungamo kumene kunalipo. Patangopita masabata owerengeka, Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno pa nthawi ya Pasaka. Pa 6 Epulo chaka chomwecho, Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, pafupi ndi ife pomwepa. Pa nthawi imeneyo chipata cha dziko chinali chida choopsezera anthu.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri, ndipo mu 1994 tinalandira Malamulo atsopano oyendetsera dziko. Malamulo anasintha, koma mantha amene anabzalidwa m'mitima mwathu sanazulike onse. Munthu wamkulu, nyakwawa kwao, akaima pamaso pa munthu wovala yunifolomu amanjenjemera ngati mwana wa sukulu amene wachedwa. Mantha amenewa ndiwo amapatsa mpata anthu ankhanza.

3. Kodi pa chipata pamakhala ndani, ndipo ntchito yao ndi yotani?

Ndi bwino kudziwa kuti pa chipata pamakhala nthambi zingapo, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yakeyake.

A Imigireshoni amaona za anthu. Amayang'ana pasipoti kapena bodapasi, kufunsa kumene mukupita, chimene mukukachita ndi masiku amene mukakhaleko, kenaka nkudinda chidindo.

A kasitomu amaona za katundu. Kuno kwathu ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe lotolera misonkho la MRA, limene linayamba ntchito mu 2000. Iwo amawerengera msonkho ndi kupereka lisiti.

Apolisi amaona za chitetezo. A zaumoyo ndi a zaulimi amaona za matenda a anthu, ziweto ndi mbeu.

Anthu onsewa ali ndi mphamvu yokuimitsani, kukufunsani mafunso, kutsegula katundu wanu, ndi kukubwezani ngati zikalata zanu sizili bwino. Akachita zimenezi mwaulemu, sanakulakwireni. Tisamade munthu chifukwa chogwira ntchito yake. Ambiri mwa iwo ndi anthu oona mtima, ogwira ntchito usana ndi usiku kutali ndi mabanja ao, ndipo ena ndi akhristu anzathu amene timalandira nao Ukaristia.

Palinso gulu lina limene silili pa ntchito ya boma: madobadoba, osintha ndalama ndi matransipota. Awa alibe mphamvu iliyonse pa inu. Musawapatse pasipoti yanu.

4. Madandaulo a anthu apaulendo

Zimene apaulendo amadandaula kawirikawiri ndi izi:

(a) Mau achipongwe. Munthu amaitanidwa kuti "iwe" ngakhale ali ndi imvi, amasekedwa chifukwa sadziwa Chingerezi kapena Chipwitikizi, kapena chifukwa cha umphawi wa dziko lake.

(b) Kuchedwetsedwa dala. Pasipoti imaikidwa pambali popanda kunena chifukwa, basi ili pafupi kunyamuka, kufikira munthu atazindikira yekha kuti pakufunika "ya fanta".

(c) Malipiro osadziwika. Munthu amauzidwa kuti alipire ndalama zimene sizinalembedwe paliponse, ndipo lisiti silimaperekedwa.

(d) Kulandidwa katundu popanda kalata yosonyeza chimene chalandidwa ndi chifukwa chake.

(e) Nkhanza kwa amayi. Ena amasechedwa mopanda ulemu, ena amauzidwa kuti katundu wao adutsa akalola kugona ndi wogwira ntchitoyo. Amayi ambiri amabisa zimenezi poopa kuti banja lingathe.

(f) Kutsekeredwa nthawi yaitali osaonekera kukhoti. Amalawi ambiri ogwidwa ku South Africa opanda zikalata amasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwao. Mu 2014 khoti la dzikolo linagamula kuti kusunga munthu kumeneko kupitirira masiku 120 nkuphwanya lamulo. Mlanduwo unapita kukhoti chifukwa anthu ankasungidwa kupyola pamenepo.

Tiyerekeze chonchi. Mayi wamasiye wa mumphakati mwathu wakongola ndalama kubanki ya m'mudzi, wapita ku Chipata, waoda zitenje. Pobwerera wauzidwa kuti katundu wake ali ndi vuto, koma vutolo silikunenedwa. Dzuwa likupendeka, ana ali okha kunyumba. Iye wapereka theka la phindu lake, wadutsa wopanda lisiti. Pa rodibuloko yotsatira afunsidwa lisiti, alibe, waperekanso. Akamafika pa Madisi phindu latha, ngongole ili pomwepo. Amene anamdyera ndalama uja sanangoba za boma, wachotsa nsima pakamwa pa ana amasiye.

5. Chifukwa chiyani zimenezi zimachitika?

Choyamba ndi kusadziwa. Wapaulendo amene sadziwa malipiro oyenera amavomera chilichonse chimene wauzidwa.

Chachiwiri ndi changu. Basi sidikira munthu mmodzi, ndipo tomato kapena nsomba sizichedwa kuonongeka. Wogwira ntchito wosakhulupirika amadziwa zimenezi.

Chachitatu ndi kuvuta kwa zikalata. Pasipoti ndi yodula kwa mlimi wamba, ndipo imatha kuchedwa kutuluka. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo makina a kompyuta atasokonezedwa. Zikalata zikamavuta, anthu amathamangira kwa madobadoba kapena njira zozemba.

Chachinayi, ndipo tisadzinamize, ndi ife eni ake. Ena mwa ife timapinda ndalama m'kati mwa pasipoti tisanafunsidwe nkomwe. Ena timabisa katundu, kunama za mtengo wake, kapena kupitirira masiku amene tinapatsidwa nkumafuna kuti chidindo "chikonzedwe". Munthu amene wazolowera kulandira kwa olakwa amayamba kufunanso kwa osalakwa.

Chachisanu ndi kukhala chete. Wozunzidwa akafika kwao amangoti, "Bola ndafika," nkuiwala. Mawa mnzake adzakumana ndi zomwezo pa zenera lomwelo.

6. Kodi malamulo akuti chiyani?

Malamulo oyendetsera dziko lino ali ndi zigawo zimene munthu wapaulendo ayenera kuzidziwa.

Gawo 19 likunena kuti ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo munthu asazunzidwe kapena kuchitidwa zomuchotsera umunthu.

Gawo 20 likuletsa tsankho, kaya chifukwa cha mtundu, khungu, chinenero, chipembedzo, chuma, kukhala mwamuna kapena mkazi, kapena dziko limene munthu akuchokera.

Gawo 39 likupereka ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'dziko muno, ndiponso ufulu wotuluka m'dziko ndi kubwereranso.

Gawo 42 likunena za munthu womangidwa. Auzidwe msanga chifukwa chimene wamangidwira m'chinenero chimene amamva, asungidwe pa malo oyenera munthu, aloledwe kuonana ndi loya, achibale, dokotala ndi mtsogoleri wa chipembedzo chake, ndipo atengeredwe kukhoti pasanathe maola 48.

Gawo 43 likunena kuti wogwira ntchito m'boma akapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake molemba.

Onani kuti zigawo zimenezi zikunena za munthu aliyense. Zikuteteza Mmalawi, zikutetezanso mlendo amene waponda nthaka ya Malawi. Malamulo athu amanenanso kuti mkazi asechedwe ndi mkazi mnzake, ndipo mwaulemu.

Lamulo lothana ndi ziphuphu la mu 1995, limene linakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, limati wolandira chiphuphu ndi wopereka chiphuphu onse ndi olakwa, ndipo chilango chake chimafika zaka 12 kundende.

Kwa amalonda ang'onoang'ono pali ndondomeko ya bungwe la COMESA yotchedwa Simplified Trade Regime, imene imagwira ntchito pakati pa Malawi ndi Zambia. Katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko awiriwa, amene ali pa mndandanda umene anagwirizana ndipo mtengo wake sukupitirira madola 2,000 a ku America, amadutsa ndi fomu yosavuta, popanda msonkho wolowetsera katundu, ngakhale misonkho ina ingakhalepo. Funsani za ndondomeko imeneyi musanagule katundu. Ndiponso mu Disembala 2022, Dr Lazarus Chakwera amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, pamodzi ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema wa ku Zambia, anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, pamene ogwira ntchito a maiko awiriwa amathandizira munthu pa malo amodzi kuti asaime kawiri.

Mukamangidwa kunja, pangano la maiko la ku Vienna la mu 1963 limakupatsani ufulu wopempha kuti kazembe wa dziko lanu adziwitsidwe. Malawi ali ndi maofesi a kazembe ku Lusaka, Maputo, Harare, Pretoria ndi Johannesburg.

7. Udindo wa munthu wapaulendo

Ufulu umayenda limodzi ndi udindo. Munthu amene zikalata zake zili bwino amalankhula mopanda mantha. Tsono musananyamuke, chitani izi:

(a) Tengani pasipoti kapena bodapasi ku ofesi ya Imigireshoni inu eni ake, ndipo sungani lisiti. Onetsetsani tsiku limene pasipoti yanu idzathe mphamvu.

(b) Jambulitsani tsamba la pasipoti limene pali chithunzi chanu. Pepala limodzi lisiyeni kunyumba, lina liikeni m'thumba losiyana ndi la pasipoti.

(c) Dutsani pa chipata chovomerezeka, ndipo muimirire nokha pa zenera. Musachoke musanaone chidindo ndi masiku amene alembedwa. Chidindo chodindidwa kuseri, inu mulibe, chimatha kukhala chabodza, ndipo womangidwa mudzakhala inu.

(d) Sungani masiku amene mwapatsidwa. Mmalawi wolowa ku South Africa ngati mlendo amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo chilolezo chimenechi si chogwirira ntchito. Kuyambira mu 2014, wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu.

(e) Nenani zoona za katundu wanu, lipirani msonkho woyenera, ndipo landirani lisiti la boma.

(f) Musanyamule katundu wa munthu wina amene simunaone m'kati mwake.

Za njira zozemba tichenjezane mwamphamvu. Pa 24 Malichi 2020, pa sikelo ya magalimoto ya Mussacama m'chigawo cha Tete, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya galimoto imene inachokera ku Malawi. Amoyo anali 14 okha. Mu Okutobala 2022, mitembo pafupifupi 30 ya anthu amene akuganiziridwa kuti analinso a ku Ethiopia inapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Onsewa anali ana a anthu, ofuna ntchito ku Joni monga ana athu omwe. Munthu akadzipereka m'manja mwa ozembetsa anthu, amakhala wopanda pothawira. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu la mu 2015, ndipo mkhristu asapezeke akubisa kapena kunyamula anthu otere pofuna ndalama.

8. Zikakuchitikirani, muchite chiyani?

(a) Ugwireni mtima. Musatukwane, musamenye, musathawe. Mkwiyo umapatsa mnzanuyo chifukwa chokumangirani.

(b) Funsani mwaulemu: "Pepani bwana, vuto ndi chiyani kwenikweni? Ndalama zimenezi ndi za chiyani, ndipo lisiti ndilandira?" Nthawi zambiri funso la lisiti lokha limathetsa nkhani. Paja safunsa anadya phula.

(c) Pemphani kuonana ndi mkulu wa pa chipatapo. Chipata chilichonse chili ndi woyang'anira.

(d) Katundu akalandidwa, pemphani kalata yosonyeza chimene chalandidwa.

(e) Sungani m'mutu kapena lembani tsiku, nthawi, malo, dzina kapena nambala ya wogwira ntchitoyo, ndi maina a anthu amene anaona.

(f) Apaulendo anzanu asakusiyeni nokha, inunso musawasiye. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Anthu khumi akaima pamodzi nkufunsa mwaulemu chimene mnzao walakwa, zinthu zimasintha.

(g) Mukafika kwanu, kadandauleni. Za ziphuphu zimapita ku Anti-Corruption Bureau. Za kusathandizidwa bwino ndi ofesi ya boma zimapita kwa Ombudsman. Za kuphwanyiridwa ufulu zimapita ku Malawi Human Rights Commission. Za nkhanza za apolisi zimapita ku Independent Complaints Commission. Mayi amene wachitidwa zachipongwe apite msanga kuchipatala ndi ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere pa parishi angakuthandizeni kulemba kalata ndi kukulozerani khomo loyenera.

Pali nthawi zina, makamaka usiku m'dziko la eni, pamene munthu amaumirizidwa moti kukana kungaike moyo wake pachiswe. Woteroyo tisamuweruze, pakuti iye ndi wolandidwa. Koma akafika pabwino asakhale chete.

9. Mlendo pakati pathu

Nkosavuta kudandaula za mmene ana athu amachitidwira ku Beitbridge. Koma nafenso tili ndi alendo. M'boma lathu lomwe lino la Dowa muli Dzaleka. Kale malowa anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo mu 1994 anasandutsidwa kampu ya anthu othawa kwao. Anakonzedwa kuti azisunga anthu pafupifupi 12,000, koma chiwerengero chinapitirira 50,000. Ambiri ndi ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda.

Mu 2023 boma linalamula kuti onse othawa kwao amene ankakhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka, potsata lamulo lakuti azikhala mumkampu. M'mwezi wa Meyi chaka chimenecho apolisi ndi asilikali anagwira anthu mazana angapo ku Lilongwe, ana omwe, nkuyamba awasunga kundende ya Maula. Bungwe la UNHCR ndi mabungwe oona za ufulu wa anthu anadandaula za mmene ntchitoyo inagwiridwira, ndipo ambiri mwa ogwidwawo anataya katundu ndi malonda ao. Boma lili ndi mphamvu yokhazikitsa lamulo, koma gawo 19 lija silileka kugwira ntchito chifukwa munthu ndi wa ku Burundi. Ndipo ife tidzifunse: anthu amenewa akutengedwa, ndi angati mwa ife amene anawamvera chisoni, ndipo ndi angati amene anakondwa kuti ngongole ya ku golosale yafera pomwepo?

Dziko lino lili ndi mbiri yabwino imene sitiyenera kuitaya. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tinasunga anthu oposa 1 miliyoni, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ndi thandizo la gulu la Chikatolika la Sant'Egidio. Ana athunso anathawapo ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, pamene nzika zina za kumeneko zinkamenya ndi kupha alendo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

10. Chikhulupiriro chathu chikutiuza chiyani?

Pa Levitiko 19 Mulungu akulamula Aisraele kuti asazunze mlendo wokhala pakati pao koma amkonde, pokumbukira kuti iwonso anali alendo ku Ejipito. Ambuye Yesu mwini wake anaoloka malire ali khanda, pamene Yosefe ndi Maria ankathawa Herode (Mateyo 2:13-15). Ndipo pa Mateyo 25 akutiphunzitsa kuti zimene timachitira mlendo timachitira Iye amene.

Kwa ogwira ntchito pa zipata, mau a Yohane Mbatizi pa Luka 3 ndi olunjika. Okhometsa msonkho ndi asilikali atamfunsa choti achite, iye sanawauze kuti asiye ntchito. Anawauza kuti asalipiritse kuposa zimene zinalamulidwa, asalande za anthu moopseza kapena mowanamizira, ndipo akhutire ndi malipiro ao. Mateyo Woyera anaitanidwa ali pa ntchito yokhometsa msonkho, ndipo Zakeyo atalandira Yesu analonjeza kubweza kanayi zimene ananyenga anthu. Choncho ntchito ya pa chipata ingathe kukhala njira ya kuyera mtima, ndipo amene anagwa angathe kudzuka, koma kulapa kwake kuyende pamodzi ndi kubweza.

Kwa apaulendo, chitsanzo ndi Paulo Woyera. Pa Ntchito za Atumwi 22, asilikali atammanga kuti amkwapule, iye anafunsa modekha ngati lamulo limalola kukwapula nzika ya Roma mlandu usanazengedwe. Mkulu wa asilikali anachita mantha, ndipo chikoti sichinagwe. Paulo sanatukwane, sanaperekenso kangachepe. Ankadziwa lamulo, nalitchula. Kudzichepetsa kwa mkhristu sikumuletsa kufunsa ufulu wake.

Mpingo umaphunzitsa mbali zonse ziwiri. Papa Yohane wa 23, m'kalata yake ya Pacem in Terris ya mu 1963, anaika ufulu wosamukira kudziko lina pa zifukwa zoyenera pakati pa maufulu a munthu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa nambala 2241 amaphunzitsa kuti maiko alandire mlendo monga angathere ndi kumteteza, kuti boma lingathe kuika malamulo a kalowedwe pofuna ubwino wa onse, ndiponso kuti mlendo alemekeze malamulo a dziko limene lamlandira.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi alipo pakati pathu amene anadutsapo pa chipata cha dziko? Anathandizidwa bwanji? Tchulani zabwino ndi zoipa zomwe, osatchula maina a anthu.
2. Pali kusiyana kotani pakati pa msonkho ndi chiphuphu? Tingazisiyanitse bwanji tili pa zenera?
3. Mwana wanu akufuna kupita ku Joni ndipo transipota wamulonjeza kuti amudutsitsa wopanda pasipoti. Mungamulangize zotani?
4. Chifukwa chiyani amayi ambiri amabisa nkhanza zimene amakumana nazo pa ulendo wa malonda? Amuna ao ndi mphakati angawathandize bwanji kuti alankhule?
5. Kodi timawatchula maina otani anthu a ku Dzaleka tikakumana nao pamsika? Tingakonde kuti ana athu azitchulidwa motero kunja?
6. Ngati mwana wathu kapena mkhristu mnzathu akugwira ntchito ku Imigireshoni, ku MRA kapena kupolisi, kodi timamlimbikitsa kukhala wokhulupirika, kapena timamuseka kuti anzake amanga nyumba iye ali chigonere?

Zoti tichite

Mphakati uliwonse usankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, oti azilandira madandaulo a apaulendo mwachinsinsi ndi kuwapereka ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi.

Wachinyamata aliyense wofuna kupita kunja ayambe wakhala pansi ndi makolo ndi atsogoleri a mphakati, aonetse zikalata zake, ndipo asiye kunyumba pepala la pasipoti, dzina la basi ndi malo amene akafikire.

Amayi ochita malonda oolotsa malire aziyenda m'magulu, ndipo aphunzitsane za malipiro ovomerezeka.

Komiti ya parishi ipemphe a Imigireshoni, a MRA kapena apolisi kuti adzafotokoze ntchito yao ndi kuyankha mafunso a akhristu tsiku lina Misa itatha.

Pemphero lotsekera

Atate a chifundo, Inu munatsogolera Banja Loyera pa ulendo wa ku Ejipito. Sungani ana athu amene ali m'misewu ndi m'maiko a eni. Patsani ogwira ntchito pa zipata mtima wachilungamo ndi waulemu. Tichotsereni mantha kuti tizinena zoona, ndipo mutsegule maso athu kuti tizindikire Mwana wanu mwa mlendo aliyense wofika pakhomo pathu. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.